Pampu ya 24 V imene inkazima yokha fyuzi ili bwinobwino: zimene ndinayeza ndi zimene ndinakonza

Lipoti ili ndi la pampu ya madzi yoyendera mabatire a 24 V otchajidwa ndi sola. Mabatire ali m'kachipinda kawo, pampu ili pa mtunda wa mamita 25, ndipo pakati pake panadutsa nthambo ya mawaya awiri a kopa, aliyense wa 2.5 mm², amtundu wofewa uja wa timawaya tambirimbiri. Pafupi ndi mabatire pali fyuzi ya 20 A ndi swichi. Chapakati pa njira pali kabokosi kapulasitiki pamene analumikizira nthambo ziwiri, chifukwa imene anali nayo poyamba inaperewera. Pampu ili ndi kontirola yake, ndipo buku lake limanena kuti kontirolayo imazimitsa mota volteji ikatsika pansi pa 18 V.

Dandaulo la eni ake linali lakuti pampu ikayatsidwa imadzuka, madzi n'kumatuluka ngakhale mofooka, kenako pakapita mphindi zingapo imazima yokha. Akaisiya kanthawi n'kuiyatsanso, imachita chimodzimodzi. Anali atasintha kale mabatire poganiza kuti atopa, ndipo wina anali atawauza kuti mota yatha. Fyuzi inali isanapsepo, ndipo zimenezi n'zimene zinkawalimbitsa mtima kuti mawaya alibe mlandu. Mongodutsa anatchulanso kuti nthawi zina pa kabokosi paja pamamveka fungo la pulasitiki wopserera. Kwa ine fungo limeneli linali nkhani yaikulu kuposa kuzima kwa pampu.

Kuyeza pampu ili chizimire

Pampu isanayatsidwe, pa mabatire panali 25.6 V ndipo pa pampu panalinso 25.6 V. Amene anabwerapo ine ndisanafike anapeza zomwezi n'kugamula kuti nthambo ili bwino. Anayezanso ngati waya waduka, multimeter (chida choyezera magetsi) n'kulira kusonyeza kuti sanaduke, nkhani n'kuthera pomwepo.

Manambala amenewa ndi oona, koma pa vuto ngati ili sathandiza. Volteji imene imatsalira pa waya ndi karenti kuchulukitsa ndi rezisitansi ya wayayo (mmene wayayo amakanizira magetsi kudutsa), V = I × R, lamulo limene Georg Ohm anasindikiza mu 1827. Pampu ikazima karenti ndi 0, choncho palibe chimene chimatsalira m'njira, kaya waya ndi wa 10 mm² kaya watsala ndi kawaya kamodzi kokha. Multimeter poyeza volteji imakoka karenti yochepa zedi, chifukwa mkati mwake muli rezisitansi ya pafupifupi ma ohm 10 miliyoni. Pa 25 V imeneyo ndi karenti yosafika ndi pa ma microamp 3 omwe. Waya wowonongeka chotani amainyamula mosavuta. Kulira kwa multimeter nakonso sikupatsa chitsimikizo, popeza ambiri amalira rezisitansi ikangokhala pansi pa ma ohm makumi angapo, pamene mu seketi iyi ngakhale theka la ohm imodzi ndi lokwanira kugwetsa pampu. Tizingwe ta multimeter tokha timakhala ndi ma ohm 0.1 kapena 0.2, ndiye kuti chimene ukufuna kuchipeza chimabisala m'chida choyezera chomwecho.

Kuyeza pampu ikupopa

Nditayatsa, clamp meter (chida choyezera karenti pongozungulira waya) ya DC, magetsi a mabatire oyenda mbali imodzi, inaonetsa 12 A pa waya wotuluka ku mabatire. Pa mabatire panali 25.0 V, umboni wakuti mabatirewo anali amphamvu. Pa pampu panali 18.8 V itangodzuka kumene, ndipo nambalayi inkatsika pang'onopang'ono mpaka inafika pa 18.1 V. Apa ndiye kuti 6.9 V inkatsalira m'njira. Tikagawa ndi 12 A, njira yonse yopita ndi yobwerera inali ndi ma ohm 0.575.

Eni ake anali pafupi akuyang'ana manambala. “Ndiye kuti magetsi akutayikira penapake m'njiramu, amisiri?” anafunsa motero. Ndinawapempha kuti tiyende limodzi ndi clamp meter. Pa mabatire 12 A, tisanafike pa kabokosi 12 A, titadutsa kabokosi 12 A, pa pampu 12 A, pa waya wobwerera 12 A. “Mwaona bambo, imene yachoka ndi imene yafika, ndiponso ndi imene ikubwerera,” ndinawauza. Mu seketi ya njira imodzi karenti ndi yofanana paliponse. Amp imodzi ndi ma elekitironi pafupifupi 6.24 × 10^18 odutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse, ndipo ma elekitironi amenewa sathera m'njira kapena kuunjikana pena. Gustav Kirchhoff analemba zimenezi ngati lamulo mu 1845, pamodzi ndi linzake lakuti mavolteji onse otsalira pa zigawo za seketi ukawaphatikiza amakwana volteji ya gwero. Chimene chinkatayika ndi mphamvu. Mabatire ankapereka 25.0 × 12, omwe ndi mawati 300. Pampu inkalandira 18.1 × 12, mawati 217. Mawati 83, kuposa gawo limodzi mwa magawo 4 a mphamvu yonse, ankasanduka kutentha pakati pa kachipinda ndi pampu.

Ntchito yotsatira inali kupeza kuti mawati 83 amenewo akugawika bwanji. Njira yake ndi yosavuta: pampu ili chipopere, ika nsonga ziwiri za multimeter mbali iyi ndi iyo ya chinthu chilichonse chimene ukuchikayikira, uwerenge volteji. Karenti ukuidziwa kale, ndiye rezisitansi ukuipeza pogawa. Pamenepa rezisitansi ya tizingwe ta multimeter siisokonezanso, chifukwa karenti yaikulu ikudutsa m'seketi mwenimwenimo osati m'tizingwe. Maganizo ake ndi omwe aja a kuyeza kwa mawaya 4 kumene kumatchedwa ndi dzina la Lord Kelvin, kungoti apa mabatire ndi pampu ndiwo akugwira ntchito ya gwero la karenti.

Fyuzi, chogwirira chake ndi swichi zonse pamodzi zinadya 0.2 V. M'kabokosi munali zolumikizira ziwiri za sikuluwu. Cha waya wobwerera chinaonetsa 0.02 V. Cha waya wopita chinaonetsa 1.5 V, ndipo nambalayi sinkakhazikika. Nditagogoda kabokosi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva inalumpha kupitirira 2 V, pampu n'kuzima nthawi yomweyo. Tikachotsa 0.2 ndi 1.5 pa 6.9, nthambo yokha inkadya 5.2 V.

Nthambo

Ndinayamba ndafuna kudziwa ngati nthamboyo ndi ya 2.5 mm² ya kopa monga momwe zalembedwera pa chikutiro chake. Pali mawaya a aluminiyamu opakidwa kopa pamwamba, amene pongowayang'ana sungawasiyanitse ndi enieni, koma aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene kopa amadutsitsira. Ndinapala kawaya kamodzi ndi mpeni, ndipo kanali kofiira mpaka mkati. Masamu nawonso anavomereza. Rezisitansi ya waya ndi R = ρ × L ÷ A: mtundu wa chitsulo, kuchulukitsa ndi kutalika, kugawa ndi kukula kwa pamene wadulidwa. Kwa kopa ρ ndi pafupifupi 0.0172 ohm mm² pa mita pa 20 °C. Muyezo wa IEC 60228, umene mayiko amayendera pa mawaya amagetsi, umalola waya wofewa wa 2.5 mm² kufika ma ohm 7.98 pa kilomita. Kutalika kumene timawerengera ndi mamita 50, osati 25, chifukwa karenti imapita n'kubweranso. Kuiwala zimenezi n'kumene kumachititsa anthu ambiri kupeza theka la yankho. Mamita 50 akupereka ma ohm 0.40. Ine ndinayeza 5.2 ÷ 12, ma ohm 0.43.

Kusiyana kwa 0.03 kumeneku ndi kwa kutentha. Rezisitansi ya kopa imakwera ndi 0.393 peresenti pa digiri iliyonse. Waya akafika pa 40 °C, ma ohm 0.40 aja amakhala 0.43. Nthamboyo inali yofunda poigwira, choncho zonse zinagwirizana. Izi zikufotokozanso chifukwa chake pampu inkayamba bwino n'kudzazima pambuyo pake. Ikazizira njira yonse inkasiya 18.8 V pa pampu, pamwamba pang'ono pa malire a kontirola. Nthambo ikamafunda ndi cholumikizira chija chikamatentha, volteji inkatsetserekera ku 18 V mpaka kontirola n'kudula. Akaisiya kanthawi zonse zinkazizira, n'kuyambiranso.

Nthamboyo inalibe chinyengo chilichonse, inali chabe yaing'ono pa ntchito imeneyi. Ndikumvetsa mmene amene anaiika anaganizira. Waya wa 2.5 mm² wa chikutiro cha PVC womangirira pakhoma poyera amaloledwa kunyamula pafupifupi 27 A malinga ndi matebulo a BS 7671, malamulo a ku Britain a kaikidwe ka mawaya amagetsi, ndiye 12 A ikuoneka yaing'ono. M'nyumba ya 230 V maganizo amenewa sakanavuta. Mawati 300 pa 230 V ndi 1.3 A basi, ndipo pa nthambo yomweyi pakanatsalira 0.5 V, pafupifupi 0.2 peresenti. Pa 24 V mphamvu yomweyo ikufuna karenti yochuluka pafupifupi ka 10, volteji yotsalira m'njira ikukula ka 10, komanso ikuchotsedwa pa volteji yochepa ka 10. Poyerekeza ndi gwero, kutayako kukukula pafupifupi ka 100. Chizolowezi cha mawaya a m'nyumba chikalowa mu seketi ya mabatire chimabweretsa mavuto otere kawirikawiri.

Cholumikizira

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa ndi pamene panali ngozi ya moto. Nthambo inkataya 5.2 × 12, mawati 62. Cholumikizira chinkataya 1.5 × 12, mawati 18. Pongoona manambala munthu anganene kuti nthambo ndiyo yoopsa. Koma mawati 62 aja anali omwazika pa mamita 50 a waya, pafupifupi mawati 1.25 pa mita iliyonse, ndipo mpweya unkawachotsa mosavuta. Mawati 18 anali onse pa kachitsulo kosatalika masentimita 2, kotsekeredwa m'bokosi lopanda mpweya. Timakina tina tosungunulira mtovu wolumikizira mawaya timagwira ntchito ndi mawati osapitirira pamenepa. Choyezera kutentha cha infrared chinaonetsa madigiri opitirira 90 kunja kwa cholumikiziracho, pamene chikutiro cha PVC wamba malire ake ndi 70 °C.

Ndinazimitsa, ndinachotsa fyuzi, n'kudikira kuti pazizire ndisanamasule. Pulasitiki ya cholumikizira inali itasanduka yabulauni ndipo inkanyenyeka. Chikutiro cha waya chinali chitauma n'kubwerera m'mbuyo pafupifupi sentimita imodzi. Sikuluwu inatembenuka popanda kulimba kulikonse. Waya wa mtunduwu amakhala ndi timawaya pafupifupi 50, kalikonse konenepa 0.25 mm. Pansi pa sikuluwu ndinawerenga 14. Tina tinadulidwa ndi mpeni posenda chikutiro, tina tinathawira m'mbali sikuluwu ikumangidwa. Timene tinatsalato tinali takuda bii, ndipo nditapukuta ndi chala tinasiya fumbi lakuda.

Apa mpofunika kuwerengera kuthithikana kwa karenti, J = I ÷ A, kutanthauza ma amp odutsa pa mm² iliyonse ya chitsulo. M'nthambo, 12 A pa 2.5 mm² ndi 4.8 A/mm². Kawaya kamodzi ka 0.25 mm kali ndi 0.049 mm², ndiye timawaya 14 ndi 0.69 mm², ndipo 12 A yomwe ija ikudutsa pamenepo pa 17 A/mm². Zili ngati khamu la anthu lotuluka m'holo: onse amene anyamuka pamipando adutsa ndithu, koma pakhomo ndi pamene amapanikizana. James Joule anaonetsa mu 1841 kuti kutentha kobadwa mu waya kumayendera karenti kuchulukitsa ndi iyo yomwe, P = I² × R. Tikazitengera pa kachigawo kalikonse ka chitsulo, kutentha kumayendera ρ × J². Kuthithikana kukakwera ka 3.6, kachigawo kalikonse ka kopa kakutulutsa kutentha kochuluka ka 13.

Amisiri ambiri akaona timawaya toduka amathera pomwepa n'kunena kuti chifukwa chapezeka. Masamu sakulola kuthera pamenepa. Masentimita 2 a kopa wa 0.69 mm² ali ndi 0.0172 × 0.02 ÷ 0.69, omwe ndi ma ohm 0.0005. Pa 12 A amenewo ndi mawati 0.07. Ine ndinayeza 1.5 ÷ 12, ma ohm 0.125, kuchuluka ka 250. Timawaya 14 tomangidwa bwino, toyera, tikanatha kunyamula 12 A pa kamtunda kafupi chonchi popanda kununkha, chifukwa waya wathunthu wa mbali zonse ziwiri akanamayamwa kutenthako. Rezisitansi yaikulu inali pamalo okhudzana pakati pa kopa ndi chitsulo cha cholumikizira.

Zitsulo ziwiri zikagundana sizikhudzana pankhope yonse imene maso akuona. Ngakhale chitsulo chosalala chotani chimakhala ndi timapiri tosaoneka, ndipo karenti imadutsa pa timadontho tochepa pamene nsonga za timapirito zaphwanyana. Ragnar Holm, katswiri wa ku Sweden amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti kadontho kamodzi kozungulira kali ndi rezisitansi ρ ÷ 2a, pamene a ndi theka la kukula kwake. Kadontho ka a wa 0.01 mm pa kopa kali ndi pafupifupi ma ohm 0.0009, ndipo 12 A itati idutse pa iko kokha, kuthithikana kungapitirire 38,000 A/mm². Sikuluwu yomangidwa bwino imaphwanya timapiri tambiri, timadontho n'kuchuluka ndi kukula, tonse n'kugawana karenti. Ndi chifukwa chake cholumikizira chinzake m'bokosi lomwelo, chonyamula 12 A yomweyo, chinali ndi ma ohm osakwana 0.002, kuchepera ka 75.

Pa cholumikizira chowonongekacho zinthu zinayenda motsatana chonchi, malinga ndi zimene ndinaona. Timawaya titachepa, sikuluwu inalibe chokwanira choti ipane, ndipo timadontho tokhudzana tinali tochepa kuyambira tsiku loyamba. Pamalopo panayamba kufunda. Kopa akatentha amagwirizana msanga ndi oksijeni wa mumpweya n'kupanga chikanga chakuda chija, chimene sichidutsitsa bwino magetsi. Pampu ikayaka zitsulo zinkafufuma, ikazima zinkabwerera, ndipo kuchita zimenezi mobwerezabwereza kunkamasula sikuluwu pang'onopang'ono, mpweya n'kulowa pamene kale panali pokhudzana. Rezisitansi inkakwera, kutentha n'kukwera, chikanga n'kuwonjezeka. Zoterezi sizibwerera m'mbuyo zokha. Mapeto ake amakhala kuduka kwa seketi kapena moto, ndipo pa DC kathetheka kakabadwa pa mpata wotere kamavuta kuzima, chifukwa karenti yake siidutsa pa 0 monga imachitira ya AC, magetsi a m'nyumba osinthasintha mbali, maulendo 100 pa sekondi pa 50 Hz.

Eni ake anafunsa chifukwa chimene fyuzi sinawatetezere. Fyuzi imadziwa chinthu chimodzi, ma amp odutsa mwa iyo. Inkaona 12 A, ndipo iyo ndi ya 20 A. Cholumikizira choipa sichikweza karenti. Pa katundu (chinthu chodya magetsi) wamba ngati babu chimaitsitsa kumene, popeza chikuwonjezera rezisitansi mu seketi. Chochititsa chidwi n'chakuti fyuzi imagwira ntchito ndi kuthithikana komweku. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala mwadala, kopimidwa kuti pa karenti yakutiyakuti kasungunuke, ndipo kamatsekeredwa m'chinthu chopirira kutentha. Cholumikizira chija chinali malo opapatiza osapimidwa ndi aliyense, ozunguliridwa ndi pulasitiki. Palibe fyuzi kapena breaker wamba imene ikanachiona.

Mwina wina angaganize kuti pa kuthithikana kotereku ma elekitironi amathamanga kwambiri. Mu kopa muli ma elekitironi omasuka pafupifupi 8.5 × 10^28 pa kiyubiki mita, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwawoko amangosuntha pang'onopang'ono. Pa 4.8 A/mm² liwiro lawo ndi pafupifupi 0.35 mm pa sekondi, moti kuchoka pa mabatire kukafika pa pampu angatenge maola pafupifupi 20. Pampu imadzuka nthawi yomwe wadina swichi chifukwa waya yense ndi wodzaza kale ndi ma elekitironi, ndipo kukankhako kumafika kumapeto pa liwiro loyandikira la kuwala.

Kusankha waya wina

Kukonza cholumikizira chokha kukanabweza 1.5 V, pampu n'kumalandira 19.6 V. Ikanasiya kuzima pafupipafupi, fungo likanatha, koma mawati oposa 60 akanapitirira kutayika, ndipo mabatire akangotsika pang'ono madzulo vuto likanabwerera. Ndinawauza eni ake kuti zimenezo sindingazitche kukonza.

Ndinatenga malire a 5 peresenti, amene BS 7671 imapereka pa maseketi osakhala a magetsi owunikira. A owunikira ndi 3 peresenti. Pa 24 V, 5 peresenti ndi 1.2 V. Pa 12 A, njira yonse isapitirire ma ohm 0.1, kutanthauza ma ohm 2 pa kilomita. Waya wofewa wa 4 mm² ali ndi 4.95, wa 6 mm² ali ndi 3.30, wa 10 mm² ali ndi 1.91. Wa 6 mm² akanadya 2.0 V, kuposa 8 peresenti. Woyamba kukwanira ndi wa 10 mm², amene pa mamita 50 ali ndi ma ohm 0.096.

Eni ake anadabwa kuti pampu ya 12 A ifune waya amene matebulo amati anganyamule 63 A. Kudabwa kwawo n'komveka. Posankha waya pamakhala mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi atentha kupitirira malire a chikutiro chake? Lachiwiri: kodi afikitsa volteji yokwanira kumapeto? Funso loyamba silisamala kutalika, chifukwa mita iliyonse imatulutsa kutentha kwake n'kukutaya yokha. Lachiwiri limadalira kutalika kotheratu. Pa mtunda waufupi ndi volteji yaikulu loyamba ndilo limalamula. Pa mtunda wautali ndi volteji yaing'ono lachiwiri limalamula, ndipo waya amene umathera naye amakhala wamkulu kwambiri kuposa amene kutentha kukanafuna.

Pomwepa ndichenjezeko za chizolowezi chowerengera waya ndi nambala imodzi ya ma amp pa mm². Onani matebulo omwe aja: 27 A pa 2.5 mm² ndi pafupifupi 11 A/mm², koma 63 A pa 10 mm² ndi 6.3 A/mm² basi. Waya akamanenepa, kuthithikana kololedwa kumatsika. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kumabadwira m'thupi lonse la waya koma kumatulukira pakhungu pokha. Ukakulitsa chitsulo ka 4, khungu lozungulira limakula ka 2. Amene watenga 11 A/mm² ya waya wamng'ono n'kuigwiritsa pa waya wamkulu adzamutenthetsa. Manambala amenewanso amatsika waya akakhala mupaipi, akaunjikidwa ndi anzake, kapena akadutsa pamalo otentha.

Anafunsanso ngati tingapulumutse nthambo yakale poluka mawaya ake awiri kuti akhale waya mmodzi wopita, n'kugula wobwerera yekha. Mwa masamu zimatheka: mawaya awiri ofanana oyenda limodzi amagawana karenti pakati, rezisitansi n'kutsika ndi theka. Mamita 25 a 2.5 mm² ndi ma ohm 0.2, awiri pamodzi 0.1. Kuwonjezera wobwerera wa 10 mm² wa ma ohm 0.048, zonse ndi 0.148, ndipo pa 12 A ndi 1.8 V, kuposa 7 peresenti. Sizinakwane. Komanso kabokosi kaja kakanatsala pakati, ndi zolumikizira zake. Njira ina yabwino ikanakhala kusuntha mabatire kuti ayandikire pampu, popeza kudula mtunda ndi theka n'chimodzimodzi ndi kunenepetsa waya kawiri, koma kufupi ndi pampu kunalibe malo otetezeka ku mvula ndi dzuwa.

Zimene ndinachita

Ndinayala nthambo ya 10 mm² yathunthu kuchoka pa swichi mpaka pa kontirola, popanda polumikiza pakati, ndipo kabokosi ndinakachotseratu. Kumapeto onse ndinasenda ndi chosendera chopimira, osati mpeni, n'kuyang'ana kuti palibe kawaya kamene kadulidwa. Pa mabawuti ndinaika malagi (tizitsulo ta kunsonga kwa waya tokhala ndi bowo la bawuti) opanidwa ndi chopanira cha saizi yake, ndipo polowa pansi pa sikuluwu ndinaveka ma ferrule, timapaipi tachitsulo tovala kunsonga kwa waya, kuti timawaya tisabalalike. Nsonga za waya wofewa sindizimata ndi mtovu zikamalowa pansi pa sikuluwu, chifukwa mtovu ndi wofewa, umaphwatalala pakapita nthawi, sikuluwu n'kukhwefuka. Masikuluwu a kontirola ndinamanga pa mlingo wolembedwa m'buku lake. Fyuzi ndinasiya ya 20 A yomwe ija pafupi ndi mabatire, nditaona kuti ndi yovomerezeka pa DC. Kukula kwa waya si chifukwa chokwezera fyuzi, ndipo mawaya a mkati mwa pampu ndi kontirola sanasinthe. Ntchito yonseyi inachitika fyuzi ili m'thumba mwanga, popeza mabatire otere sipanala ikagwera pa mitu yawo amatha kutulutsa ma amp mazanamazana.

Nditayatsa n'kuisiya ipope mpaka zonse zitafunda, mabatire anali pa 25.1 V, pampu pa 23.9 V, karenti 11 A. M'njira munkatsalira 1.2 V, ndipo mwa imeneyi 1.05 V inali ya nthambo, yotsalayo ya fyuzi, swichi ndi malagi. Kuthithikana m'nthambo kunatsika kufika pa 1.1 A/mm². Mphamvu yotayika inachoka pa mawati 83 kufika pa 13, ndipo pampu inkalandira mawati 263 m'malo mwa 217, ngakhale kuti mabatire tsopano ankapereka ochepa kuposa kale, 276 m'malo mwa 300. Mota imene ankati yatha inalibe vuto lililonse. Polumikiza paliponse ndinayeza volteji yotsalira pampu ikupopa, ndipo panalibe pamene panapitirira 0.02 V.

Manambala a malo aliwonse ndinawalemba pa pepala n'kumata mkati mwa chitseko cha kachipinda ka mabatire, pamodzi ndi karenti imene ndinayezera. Ndinawapempha eni ake kuti aliyense wodzagwira seketi imeneyi aziyeza malo omwewo pampu ikupopa n'kuyerekeza ndi pepalalo. Polumikiza pamene nambala yake yakwera kawiri kapena katatu pa karenti yofanana pamasulidwe, patsukidwe n'kumangidwanso, ngakhale pakhale pasanayambe kufunda. Mabatire akale amene anachotsedwa aja ndinawayeza ndi katundu ndisanachoke, ndipo volteji yawo inagwira bwino. Ndinawalangiza kuti asawataye, koma asawaphatikize ndi atsopano mu seketi imodzi, chifukwa mabatire osiyana msinkhu amasiyananso rezisitansi ya mkati ndipo sagawana karenti mofanana.